Bondo la Khasu

Tayankhani ichi, inu mukuwerenganu. Chilibe mano koma chimadya nsapato. Chilibe miyendo koma chimakwera khoma. Sichigogoda, koma mukatsegula kabati yokhoma ndi loko mumachipeza chakhala kale pabuledi wanu ngati chinagula ndi icho. N'chiyani? Musafulumire kuyankha. Kufulumira n'kumene kunagwetsa alamu awo a Make Khasu, moti mpaka lero akamadutsa pamsewu uja, anthu amayamba kugwiragwira mabatani a malaya awo uku akubisa mano.

Mkangano unabuka m'mawa, macheka asanayambe n'kulira komwe.

"Galu wa miyendo itatu alonda chiyani?" anafunsa a Kalipentala, pensulo ili kukhutu. "Akuba akabwera aziwapempha kuti am'dikire?"

"Inu msana ukakugwirani mumagona mlungu wathunthu," anayankha akazi awo. "Ndinayamba ndakutayani kudzala?"

Akazi awowa ndiwo a Make Khasu. Ana awo enieni anakula n'kubalalika, ndiye anthu a mumsewumo, poona mmene mayiwa ankalankhulira ndi galu wawo ngati munthu, anangowapatsa dzina la galuyo. Iwo sanakane. Khasu anali galu wofiirira, wa khutu limodzi logwa, ndipo dzinalo analipata chifukwa cha kukumba. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi wodontha, kunali mulu wa utuchi ndi zidutswa za matabwa zimene a Kalipentala ankati adzachotsa mawa, mawa lake losafika. Muluwo unali utada pansi n'kuwola. Mmenemo ndi mmene Khasu ankakumba, kugona ndi kubisa mafupa ake. Akatopa ankabwera kudzagona pansi pa makina osokera, pomwe a Make Khasu ankasoka makushoni a mipando ya amuna awo.

Tsopano galuyo anali gone pakhomo, bondo la mwendo wakumbuyo wakumanzere litatupa ngati mpira wa ana. Ukaligwira linali lotentha. Chakudya ankangochinunkhiza n'kutembenuza mutu.

A Make Khasu ankafuna kupita naye kwa dokotala wa ziweto. A Kalipentala ankati dokotala ali m'banja momwemo, kupitiranji kwa alendo. Mawuwo asanathe, dokotala wa m'banjayo anatulukira pageti, chikwama chakuda m'manja, chikhoti choyera chikuuluzika kumbuyo ngati chinsalu chapachingwe.

Ameneyu anali mng'ono wawo wa a Kalipentala. Dzina lake lenileni linaiwalika kalekale, aliyense ankangoti a Jakisoni. Anagwirapo ntchito yonyamula makatoni m'sitolo ya mankhwala a ziweto, ndipo pochoka anatuluka ndi chikhoticho, chikwama, ndi mawu aataliatali amene iye mwini sankawamva. Nkhuku ikatsokomola, jakisoni. Mbuzi ikatsekula m'mimba, jakisoni. Mphaka akangoyang'ana mwachisoni, jakisoni. M'chikwamamo munali mabotolo awiri basi: la mankhwala oyera ngati mkaka, ndi lina la mankhwala ooneka ngati madzi, limene analipatsa dzina loti Dzuka Uyende. Singano inali imodzi, ankaipukuta ndi mpango wa m'thumba.

Khasu atamva fungo la chikwamacho anayesa kukwawira pansi pa benchi.

"Mwaona? Wandizindikira," anatero a Jakisoni monyadira. "Alamu, musadandaule. Ndi nyamakazi iyi. Ndam'baya kawiri kale, kachitatu ndiye kothetsa nkhani."

A Make Khasu anati kawiri konseko galuyo anadzuka masiku ochepa n'kugwanso moposa pakale. A Jakisoni anaseka, n'kuuza achimwene awo kuti vuto la amayi ndi limenelo, amafuna matenda athe ngati kusoka chigamba. Bondolo sanaligwire n'komwe. Anangopopa m'mabotolo onse awiri n'kubaya.

Ndipo taonani, kutacha Khasu anadzuka. Anadya mbale yonse, anauwa munthu wodzagula tebulo, anathamangira kumulu wa utuchi n'kuyamba kukumba. A Jakisoni anayenda msewu wonse tsiku limenelo. Kwa ometa tsitsi anati anadzutsa galu wakufa. Kubutchala anati galuyo anali atayamba kale kuzizira. Pofika kugolosale, galuyo anali atakumbiridwa kale dzenje. A Kalipentala ankapala thabwa uku akuimba mluzu, n'kumayang'ana akazi awo cham'mbali.

Mlungu usanathe bondo linabwerera, ndipo linabwera ndi mnzake. Pambali pake panatseguka kabala kotuluka madzi amafinya, kosapola. Mwendo unauma m'mwamba, ntchafu inaphwa. Khasu ankati akafuna kutembenuka, kulira kwake kunkaimitsa makina osokera.

A Kalipentala anaima pakhomo, osayang'ana galuyo. Anati masana kubwera galimoto yodzatenga mipando yopita kutali kunja kwa tauni, ndipo Khasu akwera nawo. Akam'tsitsa panjira. Iwo sangathe kumva kulira kumeneku tsiku ndi tsiku, komanso kumupha ndi manja awo sangathe.

A Make Khasu anadikira amuna awo ayatse makina ochekera, anatenga wilibala, anayalamo kushoni yatsopano ya kasitomala, ya maluwa ofiira, yosapitako ngakhale fumbi. Ananyamula galu wawo ngati khanda, n'kumugoneka pamenepo. Ndiye muwaone mayi wamkulu akukankha wilibala pakati pa msewu, teyala likulira kwii kwii, tepi yoyezera idakali m'khosi, galu atatsamira maluwa ofiira ngati mkwatibwi. Oyendetsa galimoto ankaliza mahutala, iwo ankangoti, "Odwala, odwala, tipatseni njira."

Chipatala cha ziweto chinali chipinda chodikirira chokhala ndi mabenchi awiri, ndi chipinda china chamkati chonunkha mankhwala otsukira pansi. Dokotala anali mtsikana wamfupi, wa magalasi, wamsinkhu wa mwana wawo wachiwiri. A Make Khasu anakhumudwa pang'ono. Ankayembekeza munthu wa imvi.

Koma mtsikanayo anachita chimene a Jakisoni sanachitepo: anafunsa mafunso. Galuyu amagona pati? Amakumba pati? Anayamba walasidwa ndi kanthu? A Make Khasu anakumbukira kuti miyezi ingapo kumbuyoko anam'zula kachitsotso ka thabwa lowola pabondo lomwelo, kabala kake kanapola msanga, iwo n'kuiwala. Dokotala anagwedeza mutu. Anafunsanso ngati wamwa kapena kubayidwa chilichonse. Atamva za botolo la mkaka ndi Dzuka Uyende, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera.

Anam'goneka Khasu tulo ndi mankhwala, anajambula bondolo, n'kuwaitana a Make Khasu kuti aone chithunzi cha mafupa. Mayiwa sukulu sanapite nayo patali, koma chimene anaona anachidziwa. M'mphepete mwa fupa munali modyekadyeka.

"Ili ndi thabwa lofumbwa," anatero.

Dokotala anati n'zoona, tsopano tipeze chofumbwitsacho. Anameta ubweya pabondo, anatsukapo kangapo, anatulutsa singano yatsopano m'pepala lake, n'kuilowetsa pakati pa mafupa. Sanathiremo kanthu, anakoka. Munatuluka madzi achikasu, a matope. Dontho limodzi analipaka pakagalasi, analidetsa ndi utoto, n'kuliika pansi pa makina oonera tizilombo. Anayang'ana, anasuntha, anayang'ananso. Kenaka anasendeza mpando.

"Bwerani muone nokha, mayi."

A Make Khasu anatsinzina diso limodzi ngati akulowetsa ulusi pasingano. Poyamba anangoona mbuu. Kenaka zinaoneka: timaulusi tatitalitali, tochita nthambi, topiringizana ngati m'kabokosi kawo ka zosokera mwana akaseweramo.

"Ulusi uwu walowa bwanji m'bondo la mwana wanga?"

"Si ulusi. Ndi chuku. Ife timati mafangasi. Ndi wachibale wa chuku chomera pabuledi ndi pansapato nthawi ya mvula."

Eya, yankho la funso lija ndi limenelo. Amene munati khoswe, pepani.

A Make Khasu anaomba m'manja kamodzi, mwina mwa mantha, mwina mwa chisangalalo choti mdaniyo waoneka nkhope. Dokotala anafotokoza pang'onopang'ono. Chukuchi chimakhala m'dothi lonyowa ndi m'matabwa owola. Chimatha kulowa pabala, ngati la kachitsotso kaja, kapena galu kuchipumira akamakumba. Sichionekaoneka m'mfundo za mafupa, n'chifukwa chake munthu wongoyang'ana ndi maso amati ndi nyamakazi. Botolo la mkaka lija limapha tizilombo tamtundu wina, kwa chuku lili ngati madzi akumwa. Koma Dzuka Uyende ndiye anawononga zinthu. Mankhwala amenewo amaphwetsa chotupa pogoneka tulo asilikali a m'thupi. Galu amamva bwino, amathamanga, pamene chuku chikudya fupa popanda wochiletsa.

"Ndiye kuti alamu anga ankagoneka alonda n'kutsegulira wakuba?"

Dokotala anati iye sangalankhule za alamu a munthu, koma zili choncho.

Bondolo analitsuka mkati ndi madzi a mankhwala Khasu adakali m'tulo. Madzi achikasu otsala aja anawasunga kuti akawamereze m'kambale ku labotale, adziwe mtundu wake weniweni wa chukucho. Anatenganso magazi kuti aone ngati chiwindi chili ndi mphamvu, poti mankhwala a chuku amachilemetsa, ndipo anati azibwera naye kudzayezanso. Pomaliza anawapatsa botolo lapulasitiki loyera, losaonekera mkati, lodzaza mapiritsi ang'onoang'ono.

"Tsiku lililonse, pamodzi ndi chakudya, kwa miyezi. Adzayamba kuyenda mankhwala asanathe. Musanyengeke. Mukasiyira panjira chuku chidzabwerera chokwiya, ndipo pamenepo tidzakamba zodula mwendo, kapena zoposa pamenepo."

Anawatsimikiziranso kuti galuyo sangawapatsire matendawo pomusisita. Choopsa ndi mulu uja. Auchotse, koma ayambe authira madzi kuti fumbi lisauluke, ndipo wochotsayo aphimbe mphuno.

Pobwerera wilibala inkathamanga yokha. A Make Khasu anapeza galimoto ya mipando itaima pageti, amuna awo akufunafuna galu ndi kushoni yomwe. Sanawapatse mpata wokalipa. Anayamba ndi thabwa lofumbwa, anapita ku ulusi wa nthambi, anathera pa alonda ogona, manja akuuluka, tepi ikugwedezeka m'khosi. A Kalipentala anamvetsera kukamwa kuli yasa. Nkhani ya thabwa lofumbwa inawalowa kwambiri, poti munthu amene wagwira matabwa moyo wake wonse amadziwa kuti lofumbwa sulichiza ndi vanishi. Galimoto inapita yopanda galu, ndiponso yopereweramo kushoni imodzi. Madzulo asanafike bambowo anali atamanga mpango kumphuno, akukankha utuchi wonyowa pawilibala.

A Jakisoni atamva, sanagwedezeke ngakhale pang'ono.

"Mafangasi? Ndinadziwa ine. Ndimangofuna kuona ngati kamtsikanako kanaphunzira."

Mawu atsopanowo anawakonda. Ankawatafuna poyenda, mafangasi, mafangasi, ngati switi.

Masabata anapita. Uthenga unabwera kuchokera ku labotale kuti m'kambale muja mwamera chuku, ndipo mapiritsi aja ndi oyenera mtundu umenewo. A Make Khasu ankabisa piritsi m'kachidutswa ka nyama yamafuta, Khasu n'kumeza osadziwa kuti wapusitsidwa. Kabala kanauma. Chotupa chinayamba kuphwa. Tsiku lina akusoka anamva kuti tapa, tapa, tapa, tapa pasimenti, ndipo anaimitsa makina. Mapazi anayi. Khasu anali atapondetsa mwendo uja, mwaulemu, ngati munthu woyesa nsapato yatsopano. Mayiwo anakuwa mpaka a Kalipentala anabwera ndi hamala m'manja poganiza kuti kwalowa njoka.

Chisangalalo chimenecho ndicho chinabweretsa vuto lachiwiri. A Kalipentala anati galu wachira, mankhwala odula chotere apitirize kumwa chifukwa chiyani. A Jakisoni, amene masiku amenewo ankabwera pafupipafupi kudzamwa tiyi, anavomereza mwamphamvu. Anati mankhwala akachuluka amaumitsa magazi. Otsalawo angowapatsa iwo akathandize agalu ena, poti msewu wonsewu ndi mafangasi okhaokha.

"Alamu, mankhwala amenewa ali ndi mwini wake, ndipo ali ndi miyendo inayi," anatero a Make Khasu. "Ndikufuna ikhalebe inayi."

A Jakisoni anaseka, koma maso awo sanachoke pashelefu ya pamwamba pa makina, pomwe botolo linkakhala. Potuluka analinyamula, analigwedeza pafupi ndi khutu kuti amve kuchuluka kwake, n'kulibwezera.

Mawa lake mayi wa pagolosale anawafunsa a Make Khasu ngati nawonso adzakhalepo Loweruka. Iwo anadabwa. Mayiyo anati a Jakisoni alengeza kuti alandira mankhwala atsopano ochokera kunja, omwe anachizira Khasu, ndipo aliyense wa galu wotsimphina abwere naye pakhonde la a Kalipentala Loweruka m'mawa.

A Make Khasu anabwerera kunyumba. Kuuza amuna awo kunali kutaya mawu, akanati mwana wa mayi awo sangabe. Kubisa botolo kukanangochititsa kuti munthuyo adzafufuze tsiku lina iwo kulibe. Anakhala pamakina, phazi pachopondera, osasoka. Maso awo anagwera pachitini cha mabatani. Anachiyang'ana, nacho chinawayang'ana. Kenaka anayamba kuseka okha mpaka Khasu anadzutsa khutu lake labwino lija.

Mapiritsi anawakhuthulira m'kabotolo kena kouma n'kukasunga m'thumba la epuloni. M'botolo loyera lija anathiramo timabatani toyera ta malaya a ana asukulu, n'kutsekera kathonje pamwamba monga linabwerera. Analigwedeza pakhutu. Linalira chimodzimodzi.

Loweruka a Jakisoni analawirira kudzapereka moni. A Make Khasu anati akukatunga madzi kumpopi, ndipo anachedwako dala, akuimba nyimbo. Pobwera anapeza pashelefu pali mbee.

Pakhonde panadzaza. Wabutchala anabwera ndi chigalu chake chakuda chotsimphina mwendo wakutsogolo. Wometa tsitsi anatseka shopu kudzaonerera. Mayi wa pagolosale analipo, ndi ena odikira mipando yawo. A Kalipentala anatsamira chitseko, akudabwa kuti mng'ono wawo mankhwala akunja wawapeza liti. A Make Khasu anaima pawindo la chipinda chosokera, chibwano pamkono.

A Jakisoni anakonza kolala ya chikhoti. Anayang'ana galu wa wabutchala ali patali ndithu, n'kunena kuti palibe chofunsa, mafangasi. Anati ena amafuna makina ndi magalasi kuti aone matenda, koma iye maso ake ndi makina kale. Anati Khasu aliyense anamuona atafa, lero akuyenda, ndipo manja amene anachita zimenezo ndi awa. Anawakweza m'mwamba kuti onse awaone. Kenaka anatulutsa botolo m'chikwama, pepala la dzina atalimatula, analigwedeza kuti anthu amve kulira kwa mankhwala enieni.

"Awa si a masewera. Limodzi lokha, fupa limamera latsopano. Tambasulani dzanja, achimwene."

Wabutchala anatambasula chikhatho chake chachikulu. A Jakisoni anachotsa kathonje mwaulemu, n'kukhuthula.

Wabutchala anayandikitsa dzanja kumaso. Anatola kamodzi, anakayang'anitsa kudzuwa, dzuwa n'kudutsa pa timabowo tinayi.

"Adokotala, awa amamwa kapena amasokerera pagalu?"

A Jakisoni anasuzumira m'botolo, anakhuthula ena padzanja lawo, ngati kuti pansi pake pangakhale zosiyana. Mabatani anagwera pasimenti n'kugubuduka mbali zonse. Anayamba kunena kuti mankhwala akunja masiku ano amabwera ndi mabowo kuti asungunuke msanga, koma sanamalize, poti pawindo panamveka mawu okoma ngati uchi.

"Alamu, awiri m'mawa, awiri madzulo. Ulusi ndikubwerekani."

Wometa tsitsi ndiye anayamba kuseka, anakhala pansi penipeni. Mayi wa pagolosale anagwira chipilala. A Kalipentala anayang'ana botolo, anayang'ana pashelefu kudzera pawindo, anayang'ana mng'ono wawo, ndipo nkhope inafuna kukwiya koma mimba inakana. Anaseka mpaka pensulo inagwa kukhutu. Atapeza mpweya anauza akazi awo, anthu onse akumva, kuti galuyo amalize mankhwala ake mpaka dokotala weniweni adzanene, ndipo chikwama chakudacho chisadzalowenso pageti pawo.

A Make Khasu anatuluka, anauza wabutchala njira ya kuchipatala cha ziweto, n'kumuuza kuti wilibala ilipo ngati akuifuna, koma kushoni abweretse yake. Anatulutsa kabotolo m'thumba la epuloni, anakulunga piritsi m'kanyama, n'kuitana mwana wawo.

Khasu anabwera, tapa tapa tapa tapa. Anameza nyama yake. Ananunkhiza mabatani, sanawafune. Kenaka anapita pomwe panali chikwama chakuda chija, chili chotsegula pansi pafupi ndi mapazi a mwini wake. Anachizungulira kamodzi, n'kukweza mwendo wakumanja, thupi lonse litatsamira pa bondo lija linali lofumbwa.

Bondolo silinagwedezeke mpaka anamaliza.

"Mwaona, alamu," anatero a Make Khasu akupukuta misozi ndi tepi yoyezera. "Wakuzindikirani."